Andiphera munthu wanga: patch, kuvuta kwa gemu ndi msika wa zida

Loweruka lina m'mawa mwana wa mlongo wanga anatsika pa kabaza pakhomo panga, laputopu ili m'chikwama cha kusukulu. Amakhala cha ku Kamuzu Road, ndipo akalawirira chonchi ndimadziwa kuti pali nkhani. Moni anapereka wachidule, kenako anati, "Amalume, andiphera munthu wanga."

Munthu amene ankanenayo ndi wa mu gemu. Kwa milungu itatu mnyamatayu anakhala akulera wamatsenga woponya mphezi, usiku uliwonse akamaliza za kusukulu, ndalama ya mandazi ikuthera ku bandulo. Chuma chonse chimene anatola m'gemumo anachiunjika pamodzi n'kugulira ndodo imodzi kwa wosewera wina wa dziko lakutali. Anaigwiritsa ntchito masiku anayi okha. Tsiku lachisanu eni gemu anatulutsa patch, chigamba chosintha zinthu m'gemu, mphezi ija anaidula mphamvu, ndipo ndodo imene dzulo lake anthu ankailimbirana inasanduka chikuni chopanda wochifuna. Chilombo chachikulu chimene ankachigwetsa asanaphethire kawiri tsopano n'chimene chinkamupha iyeyo.

Tinakhala pakhonde mpaka tiyi anazizira. Zimene ndinamuuza tsikulo ndi zimene ndalemba pano, chifukwa iye ndi anzake amene amasewera nawo amaona ngati patch, kuvuta kwa gemu ndi malonda a zida ndi nkhani zitatu zosiyana. Zitatuzi zamangidwa pa chingwe chimodzi, ndipo eni gemu sangakoke mbali imodzi osagwedeza zinazo.

Kwa amene sanaonepo, magemu ndikunenawa ndi a mtundu wa Diablo, Path of Exile ndi Last Epoch. Umayendetsa munthu mmodzi, ukumuonera pamwamba ngati wakwera padenga, akulowa m'mapanga ndi m'mabwinja kupha zilombo zobwera mazanamazana. Chilombo chikafa chimagwetsa zinthu: lupanga, mphete, nsapato, chisoti. Chida chilichonse chili ndi manambala ake amene kompyuta imachita kuwagwetsera maere, moti mphete ziwiri za dzina limodzi zikhoza kusiyana mtengo ngati chambo ndi usipa. Ukavala zida zabwino umapha zilombo zolimbirapo, zimenezo zimagwetsa zida zabwinopo, n'kumangozungulira choncho. Diablo yoyamba ya kampani ya Blizzard inatuluka kumapeto kwenikweni kwa 1996, Diablo II mu 2000, ndipo magemu ambiri a mtunduwu akuyendabe m'mapazi a yachiwiriyo. Kusakaniza maluso ndi zida kuti munthu wako akhale ndi kaphedwe kakekake kumatchedwa build. Osewera amatero ngakhale akucheza m'Chichewa, choncho inenso ndisunga mawu omwewo.

Patch tanthauzo lake ndi chigamba. Zigamba zina zimachitadi ntchito ya telala, kutseka pamene pang'ambika: gemu ikungodzitseka yokha, chitseko sichikutseguka, chilombo chakanirira m'khoma. Koma chimene chinamuliza mphwangayu ndi chigamba cha mtundu wina, chosintha manambala. Luso likatsitsidwa mphamvu amati nerf, likakwezedwa amati buff. Funso lake loyamba linali lomwe aliyense wolumidwa amafunsa: "Nanga bwanji osangokweza enawo, Amalume, m'malo motsitsa wanga?"

Ndinamuuza kuti awerenge yekha. Tiyerekeze kuti gemu ili ndi maluso 200, ndipo limodzi likupha kuwirikiza katatu kuposa ena onse. Ukafuna kusiya limodzilo, uyenera kukweza 199. Ukatero zilombo zonse zasanduka nkhuku, palibe chikukuopsa, ndiye uyenera kuzikwezanso moyo ndi ukali katatu. Pamapeto pake luso lija latsika ndithu poyerekeza ndi zilombo, kungoti wadutsa njira yozungulira ndipo wathyola zinthu zina zambiri m'njiramo. Ndipo gemu imene mphamvu zimangokwera chaka ndi chaka imafika poti ukadina batani limodzi zonse zafa usanaone n'komwe nkhope zawo. Taganizani bawo imene ili ndi kayambidwe kamodzi kopambana nthawi zonse. Madala a pansi pa mtengo wa mango onse akanayamba chimodzimodzi, ndipo patatha mwezi bawoyo ikanangokhala pakona kudyedwa ndi chiswe. Pa mfundo imeneyi ine ndili kumbali ya eni magemu. Nerf imapweteka, koma gemu yopanda nerf imafa msanga.

Kumene amaphonya ndi pa muyezo komanso pa nthawi. Mu Julayi 2023, patangotha mwezi ndi theka Diablo IV itatuluka, Blizzard inatulutsa patch 1.1.0 masiku awiri nyengo yoyamba ya mpikisano isanayambe. Anatsitsa zinthu zambiri nthawi imodzi: mphamvu yomenyera, chitetezo, liwiro lokwerera ma level. Ngakhale nthawi yodikira potuluka m'phanga anaikweza kuchoka pa masekondi 3 kufika pa 5, kanthu kakang'ono kamene anthu anakaona ngati chizindikiro choti cholinga n'kungowachedwetsa. Mkwiyo unakula mpaka akuluakulu a gemuyo anakhala pamaso pa kamera sabata yomweyo n'kuvomera kuti sanaichite bwino, ndipo masekondi aja anadzawabweza pa 3. Path of Exile inadutsamo zofanana mu Julayi 2021 ndi patch 3.15, pamene kampani ya Grinding Gear Games ya ku Auckland inadula mphamvu ya ma support gem ambiri, timiyala tolimbitsa maluso, kukweza mana, mphamvu yolipirira matsenga, ndi kufooketsa mabotolo a mankhwala, zonse kamodzin'kamodzi. Osewera anachepa, ndipo eni ake anavomereza. M'zochitika ziwirizi mfundo yotsitsa mphamvu inali ndi mutu, koma anachotsa zambiri osapatsa munthu chatsopano choti akondwere nacho.

Za nthawi ndiye zimene ndinamumvera chisoni kwambiri mnyamatayu. Nerf yobwera nyengo isanayambe, aliyense amaiwerenga asanasankhe build, palibe waberedwa. Nerf yobwera pakati pa nyengo ili ngati kusintha kukula kwa golo mpira uli m'chigawo chachiwiri. Mu Path of Exile yoyamba chizolowezi n'chakuti ma nerf akuluakulu amadikira kuyamba kwa ligi yatsopano, dzina limene gemuyo imatchulira nyengo. Pamene Path of Exile 2 inatsegulidwa pa 6 Disembala 2024 ili yosamalizidwa, anaphwanya chizolowezichi: sabata isanathe anadula ma build odalira matsenga odziponya okha chilombo chikauma ndi kuzizira, pomwe kusintha maluso kunkafuna golide wambiri amene anthu analibe. Pambuyo pake mtengo wosinthira malusowo anautsitsa. Apa ndi pamene pakuonekera kuti kupweteka kwa nerf kumadalira kutalika kwa njira yobwerera. Ngati kusintha build n'kotchipa, munthu amadandaula tsiku limodzi. Ngati kukufuna kuyambiranso pa level 1, wamulanda milungu.

Tsopano za kuvuta. Mawuwa amabisa zinthu ziwiri zosafanana. Pali kuvuta kofuna dzanja ndi diso: chilombo chakweza nkhonya, pansi pafiira, uli ndi kanthawi kochepa kuti udumphe. Ukafa umadziwa chimene walakwitsa, ndipo ulendo wachiwiri umachita bwinoko ngakhale zida zili zomwezo. Ndiye pali kuvuta kwa manambala, kumene luso lako silithandiza ngati zovala zako zaperewera. Chitsanzo chooneka bwino ndi Diablo II yokhala ndi gawo lake loonjezera la Lord of Destruction. Gemu umaimaliza katatu: Normal, Nightmare, Hell. Chitetezo chako ku moto, kuzizira, mphezi ndi poizoni chimalekezera pa 75. Ukalowa Nightmare amakuchotsera 40, ukalowa Hell amakuchotsera 100, kutanthauza kuti uyenera kupeza 175 pa chilichonse, makamaka kuchokera ku zida zako, kuti ubwerere pa 75 paja. Ku Hell komweko zilombo zambiri sizimva n'komwe mtundu umodzi wa mphamvu, moti wamatsenga amene anaika zonse pa moto amakumana ndi gulu limene moto wake sulipsereza ngakhale tsitsi. Vuto limeneli linakhala zaka zoposa makumi awiri mpaka mu 2022 pamene Diablo II: Resurrected inabweretsa zithumwa za Sunder zothyola kusamva kumeneku.

Gemu yabwino imasakaniza mitundu iwiriyi, ndipo palibe cholakwika kuti khomo lina lizifuna zida. Koma kuvuta kwa manambala kwenikweni kumayezedwa ndi maola. Chilombo chikafuna zida zakutizakuti, funso lenileni ndi lakuti zidazo uzipeza patatha maola angati. Kwa wosewera wa ku Frankfurt amene intaneti yake amalipira kamodzi pamwezi, maola amenewo ndi nthawi chabe. Kwa ife ola lililonse ndi bandulo, ndi batire ya laputopu, ndi pemphero lakuti magetsi asathime.

Palinso kuvuta kwachitatu kumene eni magemu sanakuikemo dala, koma ife timakusenza tsiku lililonse. Ukadina batani, uthenga umapita ku seva, kompyuta ya eni gemu, n'kubwerera, ndipo nthawi ya ulendowo ndi ping. Kwanga kuno ndikalumikiza ku ma seva a ku Ulaya nambalayo imasewera cha m'ma 200, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Nkhonya imene inakonzedwa kuti munthu aione n'kuidumpha m'theka la sekondi, ife timaiona itadya kale pafupifupi theka la nthawiyo. Path of Exile imakupatsa kusankha pakati pa Lockstep, imene imadikira yankho la seva pa sitepe iliyonse, ndi Predictive, imene imaonetsa munthu wako akuyenda nthawi yomweyo kenako n'kumukokera kumene seva ikunena kuti ali. Yoyambayo pa ping yathu imamveka ngati ukuyenda m'matope a m'dambo, yachiwiriyo imakunamiza kuti wathawa pomwe uli pakati pa zilombo. N'chifukwa chake ndimauza anyamata kuti asamakopere build ya munthu wa pa YouTube osaganizira. Iye akhoza kuyenda ndi moyo wochepa chifukwa amadumpha chilichonse. Iwe onjezera chitetezo, sankha build imene imapha uli patali kapena yokhala ndi asilikali okumenyera nkhondo. Ndipo Hardcore, kumene munthu akafa kamodzi wachoka m'mpikisanowo osabwereranso, ndi ya amene ali ndi sola kapena batire yodalirika pa rauta.

Msika ndi umene umamanga zonsezi pamodzi, ndipo apa ndikhalitsapo.

Eni gemu akamasankha kuti chida chakuti chizigwa kangati, sayang'ana iwe wekha. Amayang'ana dziko lonse. Manambala awa ndangopeka kuti masamu aoneke: tinene kuti lamba wina amagwa kamodzi pa maola 500 osewera. Ngati anthu 100,000 akusewera maola 5 patsiku, ndiye maola 500,000, malamba 1,000 akulowa pamsika tsiku lililonse. Kwa wogula lamba ameneyu si wosowa. Koma iwe wosewera maola awiri patsiku, ukati udzitolere wekha, uyembekezere masiku 250. Ndiye mwini gemu ali pamphambano. Akachulukitsa kugwa kwa lambayo kuti wosewera yekha amupeze, pamsika adzadzadza mpaka kugulidwa ndi makobiri, aliyense adzavala zapamwamba tsiku lachitatu, gemu yatha. Akachepetsa kuti msika ukhale ndi mtengo, wosewera yekha sadzamuona. Ndipo zilombo za kumapeto azilimbitsa poyang'ana ndani? Poyang'ana amene wavala za kumsika. Malonda akaphweka, zogwa pansi zimachepa ndipo zilombo zimalimba. Walira mvula walira matope.

Diablo II inaphunzitsa dziko zimenezi mwangozi. Golide wa m'gemumo analibe ntchito yokwanira, choncho osewera anadzisankhira okha ndalama: mphete ya Stone of Jordan. Inali yaing'ono, yotenga kabokosi kamodzi m'thumba, yofunidwa ndi ambiri. Mitengo inkanenedwa m'mphete, chakuti mphete zisanu, chakuti makumi awiri. Kenako akathyali anapeza njira zochulukitsira chida chimodzi kukhala ziwiri pogwiritsa ntchito zibowo za pa seva, ndipo mphete zabodza zinasefukira. Patch 1.10 ya mu Okutobala 2003 inayankha mochenjera: mphetezi zikagulitsidwa zambiri kwa amalonda a m'gemu, pamatulukira chilombo cha Diablo choopsa kwambiri chimene chimagwetsa chithumwa cha Annihilus. Anthu anayamba kutaya mphete mwa kufuna kwawo, dzenje lomezera ndalama zochuluka lija linapezeka. Patch yomweyo inabweretsa ma runeword amphamvu, zida zopangidwa poika miyala yapadera m'ndondomeko yake, ngati Enigma, chovala chopangidwa ndi miyala ya Jah, Ith ndi Ber, chimene chimalola munthu wa mtundu uliwonse kuzimiririka apa n'kutulukira apo. Kuyambira pamenepo ndalama yeniyeni inasamukira ku miyala yosowayo. Patch imodzi inasintha mphamvu, kuvuta ndi ndalama ya dziko nthawi imodzi.

Blizzard itaona kuti anthu ankagula zida za Diablo II ndi madola m'malo obisika n'kumaberedwa, inaganiza zoti mu Diablo III msika ukhale wake. Gemuyo inatuluka pa 15 Meyi 2012 ili ndi nyumba ya okushoni ya golide, ndipo mu Juni anatsegula ya ndalama zenizeni. Chida chinkatha kugulitsidwa mpaka madola 250, kampani ikutengapo dola imodzi pa chida chilichonse, ndi 15 pa 100 ngati ukufuna ndalamayo ituluke kupita ku PayPal. Poyamba zinkaoneka zanzeru. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gawo lomaliza la Inferno linali lolimba moti zida zimene unkatola wekha nthawi zambiri sizinkakwanira kukuolotsa, pomwe pamsika zabwinopo zinali pompo, kungodina. Anthu anapeza kuti njira yachangu yokulira si kupha zilombo koma kukhala pa okushoni kusakasaka mitengo. Gemu yosodza inasanduka yogula nsomba. Amene anapitapo ku Senga Bay m'bandakucha n'kuona nkhope ya mnyamata akukoka kampango wake woyamba akudziwa kuti chisangalalo chimenecho sungachipeze pa benchi ya msika, ngakhale nsomba ya pa benchiyo ikhale yaikulu kuposa.

Ndiyeno patch inakumana ndi msika wa madola. Mu Juni 2012 momwemo patch 1.0.3 inadula pakati manambala a liwiro lomenyera pa zida. Anthu amene anali atangolipira ndalama zenizeni kugula magolovesi ndi mphete chifukwa cha liwirolo anadzuka katundu wawo atafooka. Nkhani ya mphwanga ija ndi yomweyi, kungoti awa anataya madola. Mu Meyi 2013 cholakwika cha mu patch 1.0.8 chinalola anthu kuchulukitsa golide, okushoni inayamba yatsekedwa kwa masiku. Jay Wilson, amene anatsogolera kupanga gemuyo, anavomereza poyera mu 2013 kuti okushoni inaipweteka gemu. Pa 18 Malichi 2014 anaitsekeratu, sabata imodzi gawo loonjezera la Reaper of Souls lisanatuluke. Anatembenukira mbali inayo kotheratu: zida zapamwamba zinayamba kugwa pafupipafupi komanso zogwirizana ndi munthu wako, koma sungazigulitse, kupatula kupatsa mnzako amene munali limodzi chikamagwa, mkati mwa maola awiri. Gemu inatsitsimuka. Mtengo wake unali wakuti chida chimene watola chilibenso mtengo kwa wina aliyense, ndipo build yathunthu umaimaliza m'masiku ochepa.

Path of Exile, imene inatuluka mu Okutobala 2013 ndipo ndi yaulere, inatenga njira yachitatu. Kwa zaka zambiri munalibe golide konse. Ndalama zake ndi timiyala togwira ntchito: Chaos Orb imagwetsanso maere a manambala onse a chida, Exalted Orb imaonjezera nambala imodzi yatsopano, Divine Orb imasintha kukula kwa manambala amene alipo kale, ndipo Mirror of Kalandra, yosowa kuposa zonse, imakopera chida. Ukakagwiritsa ntchito kamwalako kamatha. Zili ngati mpunga wa ku Lifuwu ukanakhala ndalama, woti ukhoza kugulira mbuzi kapena kuuphika. Popeza tsiku lililonse anthu akuphika wina, nkhokwe sidzadza msanga.

Kuonjezera apo, eni ake anasiya dala minga m'njira ya malonda, ndipo mu 2017 analemba chikalata chotchedwa Trade Manifesto chofotokoza chifukwa chake: malonda akaphweka kwambiri munthu amalumpha masitepe onse n'kufika pa chida chomaliza, ndipo zogwa pansi ziyenera kuchepetsedwa. Choncho kwa zaka zambiri kugula kunali chonchi: upeze chida pa tsamba la malonda, umutumizire mwini wake uthenga, iye akhale kuti ali pa intaneti, avomere kusiya zimene akuchita, akuitane kwake, muike katundu pawindo, nonse mudine. Anthu khumi ukhoza kuwalembera osayankha ndi mmodzi yemwe. Ena amalemba mtengo wotsika dala popanda cholinga chogulitsa, kuti wachilendo amene watola chida chomwecho aone mtengowo n'kugulitsa chake motchipa, iwo omwewo n'kuchiwola. Aliyense amene anaonapo ogula akugwirizana mtengo pagombe bwato lisanakocheze aizindikira mwamsanga njomba imeneyi. Ine mfundo ya chikalatacho ndimaivomereza, koma minga yamtunduwu imabaya kwambiri wofooka: wachilendo, wosadziwa Chingerezi bwino, ndi ife amene mphindi makumi awiri zodikira yankho ndi bandulo yopita pachabe. Eni ake anadzafewa. Mu Julayi 2024 ligi ya Settlers of Kalguur inabweretsa msika wosinthira timiyala popanda kukumana, ukulipira ndi golide amene sungamugule kwa munthu koma kumutola wekha popha zilombo. Mu Ogasiti 2025 Path of Exile 2 inalola kugula chida mwini wake ali mtulo. Minga ikadalipo, koma tsopano imakutuma kukasewera m'malo mokakhala pakhomo pa munthu.

Chitsanzo chimene chinamutsegula maso mphwangayu ndi cha Ogasiti 2022. Kwa zaka zambiri ndalama yaikulu ya Path of Exile inali Exalted Orb, chifukwa ntchito zapamwamba zosula zida zinkalipiridwa ndi iyo. Patch 3.19 inasamutsira malipiro amenewo ku Divine Orb, n'kuchotsanso njira yosavuta imene anthu ankapezera Divine kwa amalonda a m'gemu. Palibe luso limene linakhudzidwa ndi mzere umenewo, koma amene anasunga milu ya Exalted kwa zaka anaona chuma chawo chikusungunuka, ndipo Divine inakhala mfumu. Nditafika apa mnyamata uja anati, "Ngati kwacha ija, Amalume?" Ankanena za Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 ndipo mitengo m'mashopu a pa boma inasintha sabata yomweyo. Ndinamuuza kuti wagwira. Mtengo wa ndalama ya mu gemu umachokera pa zimene ndalamayo imachita, ndipo zimene imachita zili m'manja mwa olemba patch.

Mankhwala aakulu amene magemuwa anapeza ndi kuyambiranso. Miyezi itatu kapena inayi iliyonse kumatsegulidwa ligi kapena nyengo yatsopano, aliyense akuyamba wopanda kanthu, msika uli mbee. Zakale sizitayika, zimasamukira ku dziko lokhalitsa kumene mitengo inakwera kalekale. Ife a ku Salima nzeru yotseka ndi kutsegula timaidziwa. Pa chilumba cha Mbenje, pansi pa Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa mu Disembala n'kudzatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo tsiku lotsegulira asodzi amanyamuka limodzi. Kufanana kwake sikufika patali, chifukwa ku Mbenje akupumitsa nsomba pomwe mu gemu akupumitsa msika, koma mtima wa tsiku loyamba ndi womwewo. Ndipo masiku oyambawo ndi amene wosauka ali ndi mwayi: kanthu wamba kamene pakatha mwezi sikadzagulidwa n'komwe, sabata yoyamba kamagulidwa bwino chifukwa aliyense ali wamaliseche.

Njira imene ine ndimaikonda kuposa zonse ndi ya Last Epoch, ya kampani ya Eleventh Hour Games, imene inatuluka yathunthu mu Febuluwale 2024. Iwo anavomereza kuti nambala imodzi ya kagwedwe ka zida singakwanire anthu a mitundu iwiri, ndiye anagawa. Ukalowa Merchant's Guild uli ndi msika. Ukalowa Circle of Fortune zida zimakugwera zambiri ndi zabwinopo, ukhozanso kulozera mtundu wa chida chimene ukusaka, koma zimene wapeza mwa mwayi umenewo sizipita kumsika. Path of Exile nayo ili ndi Solo Self-Found, kumene sugula kapena kugulitsa, koma kagwedwe ka zida n'komwe kaja kopimidwira msika, choncho ndi phiri lokwera dala. Diablo IV ili pakatikati: inayamba ndi malonda ochepa, mu Ogasiti 2023 inawaimitsa kwakanthawi chifukwa cha ochulukitsa golide ndi zida, ndipo mu Meyi 2024 inalola kugulitsana zida zambiri zapamwamba kupatula zosowa kwambiri zija.

Chomaliza chimene anandiuza, monyinyirika, n'chakuti pa gulu lawo la WhatsApp pali wina amene akuti akhoza kumupezera chuma cha m'gemu akamutumizira ndalama pafoni. Ndinamuletsa. Malamulo a Path of Exile ndi Diablo IV amaletsa kugula zinthu za m'gemu kwa anthu ndi ndalama zenizeni, ndipo akakugwira akaunti imatsekedwa pamodzi ndi zonse zimene unavutikira. Akakubera ulibe kokadandaula, poti iwenso unali kuseri kwa lamulo. Chuma chogulitsidwa chonchi nthawi zambiri chimachokera ku ma bot, mapulogalamu odzisewerera okha usana ndi usiku, kapena ku maakaunti obedwa, ndipo ndi chomwecho chimakweza mitengo imene ikumulepheretsa iye kugula. Ngakhale zonse zitayenda bwino, patch yotsatira ikhoza kuchita ndi katunduyo zimene yachita ndi ndodo ija.

Tisanadye nsima tinatsegula laputopu n'kuwerenga patch ija mzere ndi mzere, chinthu chimene iye anali asanachitepo. Tinapeza kuti luso lina la kuzizira analikweza, ndipo zovala zake zambiri zikugwirizana nalo kupatula ndodo. Tinapezanso kuti chitetezo chake ku moto chinali pa 31, kutanthauza kuti mphezi yamphamvu ija inkangobisa bowo limene linalipo kale. Ndodo anaigulitsa motchipa, ndalamayo n'kugulira mphete ziwiri zotseka bowolo. Lachitatu usiku, cha m'ma 11 koloko, foni yanga inalira. Chinali chithunzi cha nsapato zimene anatola yekha, pansi pake atalemba kuti, "Amalume, izi ndigulitse pano kapena ndivale? Ligi yatsala milungu isanu."